Mmene mungajambulire vidiyo ya nyimbo ya kusukulu kuno ku Chipata

Aphunzitsi anena kuti gulu lililonse libweretse vidiyo ya nyimbo temu isanathe. Mulipo asanu, foni yojambula bwino ndi imodzi, laputopu ndi yobwereka, ndipo ndalama zimene mwasonkha zingokwanira chakudya ndi mayendedwe. Musade nkhawa, zimenezo zikwana. Ndathandizapo magulu angapo a ophunzira pa ntchito yotereyi, ndipo amene ndawaona akuvutika kwambiri ndi aja othamangira kukajambula asanakhale pansi ndi nyimbo yawo ndi pepala. Nchifukwa chake malangizo ambiri pano akukhudza zimene muyenera kuchita kamera isanayatsidwe.

1. Pezani nyimbo yomalizidwa, ndipo mwini wake avomere polemba

Sankhani nyimbo ya munthu amene mungathe kumufikira: mnzanu wa m'kalasi, kwaya ya kutchalitchi kwanu, kapena woimba wa ku Kapata, Mchini kaya Navutika amene alibe vidiyo. Munthu wotereyu adzabwera yekha pa tsiku lojambula chifukwa nayenso akufuna vidiyoyo. Ikhale ya mamineti atatu kapena atatu ndi theka. Ikapitirira anayi, ntchito ya editing (kudula ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta) idzakulemerani.

Mufunseni mosapita m'mbali: "Achimwene, nyimboyi yatha kapena mudzabwereranso ku studio?" Funso limeneli ndinaliphunzira movutika. Gulu lina limene ndinkalithandiza linajambula masiku awiri athunthu, kenako woimbayo anabwerera kwa producer wake, nyimbo inafulumizidwa pang'ono ndi kuwonjezedwa kachigawo pakati. Titayika nyimbo yatsopanoyo pansi pa zithunzi, pakamwa ndi mawu zinkayambira limodzi koma pofika pa korasi yoyamba zinali zitasiyana kale. Tinajambulanso zonse, ndipo mtsikana amene ankachita editing analira.

Tengani fayilo ya WAV (ya mawu osaphwanyidwa) kuchokera ku studio, imeneyo ndi ya editing. Ya MP3 ndi yoliza pojambula. Potumizirana pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti isaphwanyidwe, ndipo aliyense m'gulu akhale ndi fayilo imodzimodziyo.

Nyimbo ili ndi mwini. Ku Zambia lamulo loteteza ntchito za oimba ndi Copyright and Performance Rights Act la 1994, ndipo bungwe loyang'anira za malipiro a oimba ndi ZAMCOPS. Lembani kakalata kachidule konena kuti woimbayo walola gulu lanu kupanga vidiyo, kuipereka kusukulu ndi kuiyika pa intaneti, asaine. Mufunsenso kumene biti inachokera. Ngati producer anangoitenga pa intaneti osailipira, YouTube ikhoza kuizindikira ndi Content ID, njira yake yodziwira nyimbo za eni ake, vidiyo yanu nkutsekedwa kapena ndalama zake nkumapita kwa munthu wina.

2. Mverani nyimboyo muli ndi cholembera m'manja

Khalani pamodzi, foni zina zonse m'thumba. Imvereni kawiri osalankhula. Kachitatu lembani nthawi ya chigawo chilichonse: chiyambi 0:00 mpaka 0:12, vesi yoyamba 0:12 mpaka 0:50, korasi 0:50 mpaka 1:15, choncho mpaka kumapeto. Lembaninso mawu onse a nyimbo pa pepala lalikulu, mzere ndi mzere. Mudzadabwa kuti ena m'gulu amaivina koma sakudziwa kuti ikunena chiyani.

Kenako chitani samu iyi. Nyimbo ya mamineti atatu ndi theka ndi masekondi 210. Ngati chithunzi chilichonse chikhala masekondi atatu, mukufunika mashoti 70. Samu imeneyi imadzidzimutsa aliyense amene amaganiza kuti angojambula woimba atatsamira khoma, basi zatha.

3. Gwirizanani lingaliro limodzi lokha

Apa ndi pamene vidiyo imabadwira kapena kufera, ndiye musafulumirepo. Lingaliro lanu lizinenedwa mu chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo, ngati nyimbo ikuyamikira mayi: "Tikutsatira mayi wogulitsa tomato kuyambira mbandakucha kudimba mpaka madzulo akuwerenga ndalama ya yunifomu ya mwana." Ngati ndi ya chikondi chotalikirana: "Mnyamata wa njinga akunyamula anthu tsiku lonse, koma mpando wa kumbuyo akuusungira munthu mmodzi." Mukalephera kulinena mu chiganizo chimodzi, ndiye kuti silinapse.

Pali njira zitatu: woimba kungoimba pamaso pa kamera, nkhani yoseweredwa popanda woimba kuoneka, kapena kusakaniza ziwirizi. Kwa ophunzira ndimalimbikitsa kusakaniza. Woimba akajambulidwa akuimba nyimbo yonse, muli ndi msana wa vidiyo, ndipo nkhani imadzangovala pamwamba pake. Shoti ina ya nkhani ikawonongeka, mumabwerera kwa woimba, palibe amene angadziwe kuti panali bowo.

Ndinene zakukhosi pa chinthu chimodzi. Magulu ambiri amayamba ndi kufunafuna galimoto yobwereka, damu losambiramo la pa loji ndi mabotolo opanda kanthu, kutsanzira mavidiyo a anthu amene ali ndi ndalama zochuluka. Woonera amazindikira msanga kuti galimotoyo si yanu, ndipo simungapose anthu amene mukuwatsanzirawo. Pamene inu muli ndi zinthu zimene iwo alibe. Mapiri azungulira tauni yathu mbali zonse, ndipo ukakwera phiri la Kanjala madzulo madenga a malata amanyezimira pansi pako. Makhonde akale a ku Down Shops ali ndi mitundu ndi mithunzi imene wina angalipire ndalama kuti aimange. Pali njinga zonyamula anthu, matumba a makala ndi nkhuku, ngolo za ng'ombe, milu ya nshawa ikuyanikidwa pabwalo, magalimoto akuluakulu opita ku Mwami akudutsa pa Great East Road. Inu mumaziona tsiku ndi tsiku mpaka munasiya kuziona. Kamera ikaziyang'ana bwino, ngakhale wa ku Chipata amati, "Kodi kwathu nkokongola chonchi?"

Malo asapitirire atatu, osewera asapitirire anayi. Malo aliwonse owonjezera amadya ola la mayendedwe ndi ndalama ya njinga.

4. Lembani mndandanda wa mashoti

Tengani pepala lija la nthawi, pambali pa chigawo chilichonse lembani chimene chidzaoneke. Shoti iliyonse ikhale ndi nambala, malo, amene akuoneka, ndi kukula kwake: yapatali yoonetsa malo onse, yapakati yoyambira m'chiuno kupita kumutu, kapena yapafupi ya nkhope kaya manja. Amene amatha kujambula ndi pensulo ajambule timabokosi, ngakhale anthu ake akhale timitengo. Mukatha, sanjaninso mndandandawo motsata malo, osati motsata nyimbo. Zonse za kumsika zijambulidwe ulendo umodzi, kaya zili kumayambiriro kaya kumapeto kwa nyimbo.

Musaiwale tizinthu tating'ono. Manja akumanga mfundo ya chitenje mmene muli ndalama, tcheni cha njinga chikuzungulira, utsi wa mbaula, tomato akuunjikidwa anayi pansi mmodzi pamwamba. Timeneti ndi timene timadzadza masekondi 210 aja, ndipo nthawi zambiri ndi timene woonera amakumbukira.

5. Yenderani malo, pemphani chilolezo

Pitani kumalo aliwonse pa ola lomwelo limene mudzajambule. Malo okongola m'mawa akhoza kukhala mumdima madzulo chifukwa phiri latchinga dzuwa. Onani kumene dzuwa likuchokera, kumene anthu amadutsa, ndi pamene mungasunge zikwama.

Tengani kalata ya kusukulu yodindidwa, muziyenda nayo. Kumsika, kaya ndi Kapata kaya Saturday Market, yambani mwaonana ndi akuluakulu a msika, kenako mwini tebulo limene mukufuna. Musayambe ndi kamera. Perekani moni, gulani kamulu ka tomato, ndiyeno nenani: "Amayi, ndife ana a sukulu, tapatsidwa ntchito yojambula nyimbo. Tingajambuleko pa tebulo panu Lachiwiri madzulo? Ngati simufuna kuoneka nkhope, tijambula manja okha." Ambiri amavomera, ena amafika pokuitanirani anzawo. Wina akakana, thokozani ndipo pitani kwina. Pewani Loweruka ndi masiku a malipiro a mwezi, msika umadzaza ndipo mudzasokoneza malonda a anthu.

Kumudzi simulowa ngati mbuzi. Pezani munthu wa m'mudzimo akuperekezeni kwa anyakwawa, mufotokoze cholinga chanu mutakhala pansi. Ana osakwana zaka 18 musawajambule popanda chilolezo cha makolo, ndipo ngati ali ndi mbali m'nkhani, kholo lisaine.

Za miyambo ndiyenera kutsindika. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Musaveke mnzanu chinyawu chopanga nokha kuti vidiyo ikome, ndipo musajambule gule popanda akuluakulu a mwambowo kuvomera. Chimodzimodzi pa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, kapena pa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August: kukhala m'gulu la oonera sikukupatsani ufulu woyika magule a anthu pansi pa nyimbo ya chikondi. Ngati nyimbo yanu ikufunadi ngoma kapena chimtali, pezani gulu lovina, mugwirizane nalo, lidzavine pa tsiku lanu.

Polisi, kampu ya asilikali, mabanki ndi pachipata cha malire musaloze kamera. Drone nayo ili ndi malamulo a Civil Aviation Authority, ndipo pa ntchito ya kusukulu simuifuna. Kukwera phiri kudzakupatsani chithunzi cha m'mwamba chomwecho.

6. Gawanani ntchito

Mmodzi ndi director, ndiye amati "yambani" ndi "dulani", ndipo pa tsikulo mawu ake ndi omaliza. Wina agwire kamera. Wina asunge sipika ndi kuliza nyimbo. Wina agwire mndandanda, azichonga shoti imene yatha ndi kuyang'anira zovala. Wachisanu aone za kuwala, chakudya ndi kupempha anthu odutsa kuti adikire pang'ono. Amene adzachite editing akhalepo pojambula, chifukwa ndiye amadziwa chimene adzasowe.

Zida: foni, tripod kapena mpando ndi njerwa, sipika ya Bluetooth yolira mokweza, power bank ziwiri, katoni yomatidwa pepala lonyezimira la foil, ambulera, madzi akumwa. Tchajani zonse dzulo lake masana, musadikire usiku, malaiti akhoza kupita.

7. Konzani foni isanafike pamalo

Pa kukula kwa chithunzi, jambulani mu 1080p, foni itagona chopingasa. 4K ndi yokongola, koma mineti imodzi imatha kudya ma MB oposa 300, ndipo laputopu yobwereka idzayamba kutsimphina.

Ikani mafelemu 25 pa sekondi, ndiye kuti tizithunzi 25 timene kamera ijambule pa sekondi iliyonse. Magetsi a ku Zambia amayenda pa 50 Hz, choncho mukajambula pa 30 kapena 60 pansi pa mababu ena, chithunzi chimaphethira kapena kuoneka mizere yoyenda. Pa iPhone, 25 imaoneka mukayatsa Show PAL Formats mu Settings. Pa Android, ngati kamera ya foni ilibe, yesani ma app a Open Camera kapena Blackmagic Camera, zonse ndi zaulere. Chimene mwasankha chikhale chomwecho mpaka ntchito ithe, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito mafoni awiri, onse afanane.

Musanajambule shoti iliyonse, pukutani lenzi ndi nsalu yofewa. Fumbi la mu September ndi zala za mafuta a vitumbuwa zimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu. Dinani pankhope ya woimba ndi kugwira chala pamenepo mpaka foni itseke focus ndi kuwala, apo ayi izidzangosinthasintha yokha munthu akasuntha. Osachita zoom ndi zala, senderani ndi miyendo. Ikani foni pa flight mode, kuopa kuti azakhali angaimbe pakati pa korasi yabwino kuposa zonse.

8. Tsatirani dzuwa

Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa dzuwa litangotuluka ndi kwa madzulo kuyambira cha m'ma 16:00. Kumbukirani kuti kuno kum'mawa kumada msanga kuposa ku Lusaka: mu June dzuwa limalowa cha m'ma 17:30, ndipo pafupi ndi phiri limabisala nthawi isanakwane. Mu October limatuluka 05:30 isanakwane, ndiye ofuna m'mawa adzuke ndi tambala woyamba. Dzuwa la paliwombo limasiya maenje akuda m'maso ndi thukuta pamphumi. Nthawi imeneyo jambulani za m'nyumba, za pakhonde kapena za pansi pa mtengo wa mango.

Foni imakonda kuyeza kuwala kwa kumwamba, nkhope yathu nkusanduka mthunzi. Yezani pankhope nthawi zonse. Ngati kumbuyo kukuyera kwambiri, sinthani malo kuti kumbuyo kwa woimba kukhale phiri, mitengo kapena khoma. Dzuwa likhale chakumbali kapena chakumbuyo kwake, wa katoni ya foil aime kutsogolo cham'mbali, abweze kuwala pamasaya pang'onopang'ono osamutobola maso.

M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, mapiri amabiriwira ndipo mitambo imakongola, koma imasintha msanga. Khalani ndi tsiku lina lapadera pa kalendala yanu.

9. Tsiku lojambula

Yambani ndi woimba, nkhani pambuyo. Ikani sipika pafupi naye koma kunja kwa chithunzi. Kamera iyambe kujambula, wina awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, ndiyeno nyimbo iyambe kuchokera pachiyambi penipeni. Mawu amene foni ikujambulawo simudzawagwiritsa ntchito mu vidiyo, koma ndi amene adzakuthandizeni kulumikiza, choncho azimveka bwino.

Woimba aziimba mokweza ndithu. Wongoyendetsa milomo amaonekera: khosi silitupa, mapewa sakwera popuma, maso amakhala ngati akuganiza za mtengo wa feteleza. Akachita manyazi ndi anthu oonera, muuzeni kuti, "Achimwene, imbani ngati muli pa siteji, mawu anu sadzamveka, koma mtsempha wa pakhosi tikuufuna." Jambulani nyimbo yonse katatu pamalo amodzi, yapatali, yapakati ndi yapafupi. Akalakwitsa mzere musadule, apitirize. Chitaninso chimodzimodzi pamalo achiwiri. Tsopano muli ndi zithunzi 6 za sekondi iliyonse ya nyimbo.

Ngati mukufuna kuti woimba aziyenda pang'onopang'ono koma pakamwa pakugwirizana ndi nyimbo, konzani fayilo ina yothamanga kawiri, jambulani shoti imeneyi yokha pa mafelemu 50, ndipo pa editing muchepetse liwiro ndi theka. Zimakoma kwambiri pa korasi, koma ayeserere kunyumba, chifukwa kuimba mothamanga chotero kumaseketsa poyamba.

Pa zigawo za nkhani, shoti iliyonse ikhale masekondi 10 kapena kuposa, ngakhale mudzagwiritse atatu okha. Anthu awiri akamayang'anizana, kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wowalumikiza. Mukaudumpha, pa vidiyo adzaoneka ngati onse akuyang'ana kumodzi. Wa njinga amene walowera kumanja apitirize kulowera kumanja m'shoti yotsatira. Wosunga mndandanda ajambule chithunzi cha zovala, tsitsi ndi nsapato za aliyense, chifukwa mawa wina adzabwera atameta.

Anthu adye. Gulu la njala limayamba kukangana 14:00 isanakwane, ndipo kuwala kwabwino kumakupezani mutakwiyirana.

10. Usiku womwewo, koperani zonse pawiri

Pa laputopu ndi pa flash kapena hard drive, ndipo ziwirizi zigone m'nyumba zosiyana. Pangani mafoda a tsiku ndi malo. Musafufute kalikonse m'foni musanatsegule mafayilo pa laputopu ndi kuona kuti akusewera. Gwiritsani ntchito chingwe, osatumizirana pa WhatsApp.

11. Editing

Laputopu ikakhala yamphamvu, pulogalamu ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchito yonse. Ikakhala yofooka, Shotcut kapena Kdenlive ndi zopepuka. CapCut imagwira ngakhale pa foni. Tsegulani project ya 1080p pa mafelemu 25, ikani fayilo ya WAV pansi, muikhome kuti isasunthe.

Pamwamba pake sanjani ma take onse a woimba (maulendo 6 aja amene munamujambula akuimba nyimbo yonse), iliyonse pa mzere wake. Yang'anani mafunde a mawu a sipika ija, muwafananize ndi a WAV, kenako tsimikizani ndi maso. Njira yake ndi iyi: pezani liwu lokhala ndi m, b kapena p, monga "amama", "bambo" kaya "pepani". Pamenepo milomo imatsekeka kotheratu. Yendani felemu imodzi imodzi mpaka felemu imene milomo yatsekeka igwere pamene m, b kapena p uja akumveka. Felemu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, ndipo mukaphonya ndi ziwiri kapena zitatu, woonera amamva kuti china chake sichili bwino ngakhale sangachitchule. Onani koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa take iliyonse. Zikagwirizana, zimitsani mawu onse a kamera.

Tsopano lizani nyimbo, muziyika chizindikiro pa biti yoyamba ya ma biti anayi aliwonse. Dulani pa zizindikirozo, koma osati pa chilichonse. Vesi ipume, mashoti ake akhale ataliatali. Korasi ithamange. Pamene woimba wanena mzere wolasa mtima, khalani pankhope pake, musathawire ku phiri. Sungani shoti yanu yokongola kuposa zonse kuti idzatuluke pa korasi yomaliza, osaimwaza m'masekondi oyamba.

Ma transition ozungulira, ong'anima ndi ogwedeza asiyeni. Kudula wamba kumagwira ntchito pafupifupi paliponse. Pa mitundu, yambani ndi kufananiza mashoti kuti khungu la woimba lisakhale lofiira apa, lotuwa apo. Filter iliyonse yoyeretsa khungu ichotseni, munthu aoneke mmene Mulungu anamulengera.

Mukaganiza kuti mwatha, itanani munthu amene sanakhalepo pojambula, aonere inu muli chete. Yang'anani nkhope yake. Pamene wayang'ana foni yake, pamenepo pakufunika kudula. Mufunseni kuti nkhaniyo inali yotani. Akanena zosiyana ndi chiganizo chanu chija, bwererani ku mashoti a nkhani.

Kumapeto lembani mayina a woimba, producer, gulu lonse, sukulu, ndi onse amene anakulolani malo. Funsani kalembedwe ka dzina lililonse kwa mwini wake.

12. Kutulutsa ndi kupereka

Tulutsani MP4 ya H.264, 1080p, mafelemu 25. YouTube imalimbikitsa 8 Mbps pa kukula kumeneku, ndipo nyimbo ya masekondi 210 idzakhala pafupifupi ma MB 210, ndiye konzekerani bandulo kapena Wi-Fi ya kusukulu. Ioneni yonse pa foni, pa laputopu ndi pa TV musanapereke. Ya TikTok ndi WhatsApp status dulani korasi yokha, yoimirira, masekondi 30.

Aphunzitsi ambiri amapereka mamakisi pa njira imene mwadutsa, osati pa vidiyo yokha. Ikani mu fayilo imodzi pepala la nthawi, chiganizo cha lingaliro, mndandanda wa mashoti, makalata a chilolezo ndi ndalama zimene mwagwiritsa ntchito. Malizani masiku atatu tsiku lopereka lisanafike, chifukwa export imakonda kulephera usiku womaliza.

Musanaiyike pa intaneti, woimba aione ndi kuvomera. Kenako tengani foni ndi mahedifoni, pitani kumsika nthawi imene makasitomala achepa, mukawaonetse amayi a tomato aja. Ngati pali shoti imene sakuifuna, mukadali ndi project pa laputopu, ichotseni madzulo omwewo.